Mwana Amachokera kwa Anthu Awiri

Amayi ndi abambo, ife amene talemba phunziro ili ndife ana anu. Ena a inu munatibereka kumbuyo tili makanda. Choncho tiyamba ndi kupepesa. Lero titchula ziwalo zimene mwana satchula pamaso pa akulu. Sitikuchita zimenezi mwachipongwe. Dzina la chiwalo likatchulidwa pophunzira kapena kuchipatala, si kutukwana. Munthu wochita manyazi kutchula pamene pakumupweteka amabwerako kuchipatala ndi mankhwala a mutu, pamene nthenda ili kwina.

Ngati m'gulu lanu muli mkamwini ndi apongozi ake, kapena bambo ndi mwana wake wamkazi, gawanani. Amayi akhale pansi pa mtengo wawo, abambo pansi pa wawo. Koma onse awerenge phunziro lonse. Abambo asalumphe tsamba la amayi. Amayi asalumphe tsamba la abambo.

Chimene chatichititsa kulemba ndi ichi. Tsiku lina titaweruka, mayi wina anatsalira. Anadikira kuti anzawo onse apite, ndipo anatifunsa motsitsa mau: "Aphunzitsi, inu munapita kusukulu. Ine ndabereka ana aakazi anayi. Kwawo kwa amuna anga akuti mimba yanga ndi ya akazi okhaokha, akuti awapezera mkazi wina. Kodi ndi zoona kuti vuto lili mwa ine?" Tinawayankha kuti iyayi. Koma "iyayi" wathuyo sakanawathandiza pamaso pa ankhoswe. Munthu amaima bwino pa mlandu akadziwa chifukwa chake. Chifukwacho chili m'thupi, ndipo kuti tichipeze tiyenera kuyenda m'thupi lonse, la mwamuna ndi la mkazi.

Tiyambire kumunda

Timamva anthu akunena kuti mwamuna ndiye mbewu, mkazi ndiye munda. Mau amenewa amakoma kumva, koma si oona. Ndiponso amapweteka mkazi kawiri. Mwana akabadwa, anthu amayamika mwini mbewu. Akapanda kubadwa, amati munda ndi woguga.

Tiyeni tione chimanga. Chikamasula, pamwamba pake pamakhala ngayaye. Pa chitsononkho pamatuluka ndevu. Ku ngayaye kumagwa ufa wachikasu wotchedwa mungu. Ulusi uliwonse wa ndevu umapita ku njere imodzi. Mungu ukagwera pa ulusi, njere imakhwima. Ukapanda kugwerapo, pamalo pa njereyo pamakhala mpata, ngakhale nthaka ikhale yothira manyowa. Tsono njere yapangidwa ndi mbali ziwiri, ya ngayaye ndi ya chitsononkho.

Tione nkhuku. Yathadzi imaikira ngakhale pakhomo palibe tambala, koma mazira amenewo saswa anapiye. Tambala naye payekha sangatipatse mwanapiye. Munthu ali chimodzimodzi. Mwamuna ali ndi theka la mbewu. Mkazi ali ndi theka linalo, ndipo pamwamba pa apo ndiye amasunga mwana m'thupi mwake miyezi 9.

Thupi la mwamuna

Mbewu za mwamuna zimapangidwa m'machende. Machende ndi awiri, ndipo amakhala m'thumba lachikopa kunja kwa mimba. Nthawi zambiri limodzi limatsikirapo kuposa linzake. Zimenezi si nthenda.

Chifukwa chiyani chiwalo chosachedwa kupweteka chotere chili kunja? Yankho ndi kutentha. M'kati mwa thupi mumatentha madigiri 37. Mbewu zimapangika bwino pamalo pozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3. Ndiye chifukwa chake thumbalo limakwinyika ndi kuyandikira thupi m'mwezi wa June, ndipo limalendewera m'mwezi wa October. Likusamala mbewu. Mbewu imodzi imatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike. Tsono mwamuna akadwala malungo aakulu, thupi n'kutentha kwambiri, mbewu zake zikhoza kuchepa kwa miyezi ingapo, kenaka n'kubwereranso mwakale.

Machende ali ndi ntchito yachiwiri. Amatulutsa m'magazi timadzi totchedwa testosterone. Timadzi ta mtundu umenewu, tonyamula mauthenga m'thupi, timatchedwa mahomoni. Testosterone ndiye amachititsa mnyamata kumera ndevu, kusintha mau ndi kukula mapewa. Inu oweta ng'ombe ku Angónia mukudziwa kale ntchito ziwirizi. Nkhunzi mukaifula imaleka kubereketsa, ndiponso imafatsa n'kulola goli.

Mbewu zikapangika zimalowa m'kachubu kopyapyala kamene kanapindikapindika kuseri kwa chende lililonse. Kachubu kameneka titakatambasula kangatalike pafupifupi mamita 6. M'menemo mbewu zimakhwima ndi kuphunzira kusambira. Kuchokera apo zimakwera ndi kachubu kena kolowa m'mimba, kamene kamazungulira chikhodzodzo, thumba lija losunga mkodzo. Pafupi ndi chikhodzodzo pali timatumba tiwiri ndi chiwalo china chotchedwa prostate. Zimenezi zimathira madzi amene amadyetsa mbewu ndi kuzinyamula. Madzi amenewa pamodzi ndi mbewu ndiwo timati umuna.

Umuna umatulukira ku chida cha abambo, chimene dzina lake lenileni ndi mbolo. Njira yake ndi yomweyo ya mkodzo, koma ziwirizi sizituluka pamodzi, chifukwa pa nthawi yotulutsa umuna khomo la chikhodzodzo limatsekeka. M'chidachi mulibe fupa. Chimauma chifukwa magazi adzazamo, ndipo magaziwo akabwerera chimagwa. Tinenepo pang'ono za prostate: mwa abambo okalamba imakula n'kupanikiza njira ya mkodzo. Agogo amene amadzuka kasanu usiku, mkodzo n'kumangodontha, sanalodzedwe. Apite kuchipatala.

Apa tiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amasokera. Umuna umene umatuluka nthawi imodzi sudzaza ngakhale sipuni yaikulu. Pafupifupi wonsewo ndi madzi. Mbewu zenizeni ndi gawo laling'ono kwambiri, ndipo sizioneka ndi maso. Iliyonse ili ndi mutu ndi mchira ngati mbululu. Mbewu pafupifupi 20 zitandandalikana, ndiye zingakwane milimita imodzi ya pa rula. Koma n'zochuluka: mwamuna wathanzi amatulutsa pa nthawi imodzi mbewu zoposa anthu onse a m'dziko lathu la Mozambique.

Tsono mwamuna akhoza kukhala wamphamvu kumunda, wamphamvu kumphasa, umuna n'kumatuluka wooneka bwino, koma m'kati mwake mulibe mbewu, kapena zilimo zochepa, kapena zosasambira. Ali ngati mtedza umene makoko ake akuoneka bwino, koma ukaswa mulibe kanthu. Iye mwini sangadziwe. Mkazi wake sangadziwe. Chimene chingaone ndi galasi la kuchipatala lokulitsa tinthu tating'ono.

Galasi lotere ndilo linaonetsa anthu mbewuzi koyamba. Munali mu 1677, mumzinda wa Delft ku Holland, ndipo amene analemba za izo anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu amene ankasula yekha magalasi ake. Munthu wanzeru ameneyu naye anagwa m'maganizo athu aja. Anati mwana yense ali m'mbewu ya mwamuna, mkazi amangomudyetsa. Panapita zaka 150. Mu 1827 Karl Ernst von Baer anapeza dzira m'thupi la galu wamkazi, ndipo anthu anayamba kuona kuti nyama zoyamwitsa, pamodzi ndi ife anthu, zimayambanso ndi dzira. Tsono tisachite manyazi kuti makolo athu sanadziwe zimenezi. Analibe galasi. Ife tilibe chowiringula.

Thupi la mkazi

Ziwalo zambiri za mkazi zili m'kati, ndiye chifukwa chake nkhani zabodza zokhudza izo n'zambiri. Tiyambire kunja. Kumaso kwa mkazi kuli milomo yotchinga, ndipo pamwamba pake pali kachiwalo kakang'ono kamene ntchito yake ndi kumva kukoma pokhala malo amodzi. M'munsi mwake muli kabowo ka mkodzo. M'munsi mwa kabowoko muli njira yodzera mwana, imene dzina lake lenileni ndi nyini. Kumbuyo kuli njira ya chimbudzi. Njira ndi zitatu. Mkodzo uli ndi yakeyake, sudzera m'njira ya mwana.

Njira ya mwana ndi yotalika ngati chala, koma imatanuka. Kumapeto kwake kuli khomo la chiberekero. Masiku onse khomoli limakhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Pa nthawi yochira limatseguka mpaka masentimita 10 kuti mutu wa mwana udutse. Azamba akamati njira sinatseguke, akunena khomo limeneli.

Chiberekero ndi thumba la mnofu wamphamvu. Mwa mayi amene alibe pathupi ndi chaching'ono ngati peyala laling'ono, masentimita 7 kapena 8. Chimakula mpaka kunyamula mwana wa makilogalamu 3 pamodzi ndi madzi ake, ndipo pakapita masabata 6 mwana atabadwa chimabwerera mwakale. Sichilumikizana ndi thumba la chakudya kapena mtima. Kondomu singasochere n'kukafika kumtima. Kulibe njira yopita kumeneko.

Pamwamba pa chiberekero pamatuluka timachubu tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, ngati nyanga za ng'ombe. Kalikonse ndi kotalika masentimita 10 kapena 12, ndipo m'kati mwake ndi mopapatiza kwambiri. Kumapeto kwa kachubu kalikonse kuli nkhokwe ya mazira. Nkhokwezi ndi ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu.

Amayi, mukatumbula nkhuku yathadzi mumapeza chakumsana timazira tachikasu titaunjikana, tina tokulirapo, tina tating'ono ngati mapira. Imeneyo ndiyo nkhokwe ya mazira ya nkhuku. Yanu ili ndi ntchito yomweyo, kungoti dzira la munthu lilibe chikamba ndipo ndi laling'ono ngati kadontho ka nsonga ya singano. Mazira 10 atandandalikana angakwane milimita imodzi.

Apa pali kusiyana kwakukulu. Mwamuna amapanga mbewu zatsopano tsiku lililonse kuyambira pamene watha msinkhu. Mkazi amabadwa nawo mazira ake onse, miliyoni imodzi kapena awiri. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000. Pa moyo wake wonse amene amakhwima n'kutuluka ndi 400 kapena 500 okha. Nkhokwe imeneyi saiwonjezera. Ikatha, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, mayi amasiya kusamba. Kumeneko si kudwala.

Kupita kumwezi

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo. Mwezi uliwonse kamatumiza mahomoni ku nkhokwe za mazira kuti dzira limodzi likhwime. Nkhokwe nazo zimatumiza mahomoni awo ku chiberekero kuti chikonzekere mlendo. Chiberekero chimayala m'kati mwake chikuta chofewa chokhala ndi magazi, monga mbalame iyala chisa. Dzira likakhwima limatuluka m'nkhokwe n'kulowa m'kachubu. Likapanda kukumana ndi mbewu ya mwamuna limafa pasanathe tsiku limodzi. Pakapita masiku pafupifupi 14 chisa chija chimaphwasuka n'kutuluka. Umenewo ndiwo msambo.

Tsono magazi a msambo si uve wa m'thupi, si poizoni. Ndi mphasa imene inayalidwira mlendo amene sanabwere. Amaoneka ambiri pansalu, koma kwa amayi ambiri ndi masipuni aakulu ochepa chabe pa masiku 3 mpaka 7. Mayi amene amataya magazi ochuluka mpaka kumva chizungulire, kapena amene wayambanso kutaya magazi atasiya kale kusamba, asadikire mwezi wina. Akaonane ndi anamwino.

Tiyeni tiwerenge masiku. Tsiku loyamba kuona magazi ndi tsiku 1. Tiwerenge mpaka tsiku lomaliza msambo wina usanayambe. Amayi ambiri amapeza masiku 28, ena 24, ena 33. Kuyambira 21 mpaka 35 zonse n'zabwino. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Kwa mayi wa masiku 28, limatuluka chapafupi ndi tsiku 14. Kwa mayi wa masiku 32, chapafupi ndi tsiku 18. Thupi limapereka chizindikiro: masiku amenewo chikazi chimakhala choyera, choterera ndi chotanuka ngati choyera cha dzira laliwisi.

Dzira limakhala tsiku limodzi lokha, koma mbewu za mwamuna zikhoza kukhala zamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, zikudikira. Choncho masiku otengera pathupi pa mwezi ndi pafupifupi 6. Banja lofuna mwana liwadziwe masiku amenewa. Bambo amene amagwira ntchito kutali, n'kumabwera kunyumba masiku awiri pa mwezi, akhoza kuwaphonya chaka chonse popanda aliyense wodwala. Koma banja lofuna kulera lisadalire kuwerenga kokha. Matenda, njala ndi nkhawa zimasuntha tsiku la dzira. Mayi woyamwitsa naye achenjere, chifukwa dzira limatha kutuluka msambo usanabwerere.

Mtsikana amayamba kusamba nthawi zambiri ali ndi zaka 12 kapena 13, ena msanga, ena mochedwerapo. Anankungwi amati wakula. Nkhokwe zake zayambadi ntchito, koma mafupa a m'chiuno, pamene mwana adzadutse, akukulabe. Mwana akakakamira panjira masiku awiri kapena atatu, mutu wake umaphwanya mnofu wa pakati pa njira ya mwana ndi chikhodzodzo. Pamabooka, ndipo mtsikana amangotuluka mkodzo usana ndi usiku. Nthendayi imatchedwa fistula, ndipo imachizika ndi opaleshoni. Lamulo la dziko lathu la mu 2019 limaletsa kutomera kapena kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Khomo la chiberekero nalo limagwidwa ndi khansa, imene imayamba ndi kachirombo kopatsirana pogonana. Kuyambira mu 2021 atsikana aang'ono amalandira katemera woteteza, ndipo amayi akhoza kuyezetsa khomoli kuchipatala asanamve kupweteka kulikonse.

Pamene ziwirizi zikumana

Mbewu zikathiridwa m'njira ya mwana zimasambira kulowa pa khomo, kudutsa m'chiberekero, mpaka m'timachubu. Zambiri zimafera panjira. Mwa mamiliyoni aja, zofika pafupi ndi dzira ndi mazana ochepa. Imodzi yokha imalowa, ndipo pomwepo khungu la dzira limalimba kuti ina isalowenso. Kukumanaku kumachitikira m'kachubu, osati m'chiberekero.

Dzira lija limayamba kugawikana: 2, 4, 8, 16. Likuyenda pang'onopang'ono, ndipo pakatha masiku 3 kapena 4 limafika m'chiberekero. Pakatha pafupifupi sabata limadzikwirira m'chisa chija. Mayi sasambanso. Pamalo pamene ladzikwirira pamamera nsengwa, imene imatenga chakudya ndi mpweya m'magazi a mayi n'kupereka kwa mwana kudzera m'chingwe cha mchombo. Kuchipatala amawerenga masabata 40 kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Tsiku limeneli mulilembe. Anamwino adzakufunsani, ndipo tsopano mumatha kulemba.

Nthawi zina kachubu kamakhala ndi zipsera, ndipo dzira limakakamira m'menemo n'kuyamba kukulira pomwepo. Kachubu si chiberekero, sikatanuka. Kamaphulika. Mayi amene wadumpha mwezi umodzi kapena iwiri, n'kumva kupweteka koopsa mbali imodzi ya chinena, akutaya magazi pang'ono kapena akukomoka, anyamulidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Magazi akutayikira m'kati.

Nanga mapasa? Mwezi wina mazira awiri amatuluka pamodzi, lililonse n'kukumana ndi mbewu yake. Anawo amasiyana nkhope, ndipo akhoza kukhala mwamuna ndi mkazi. Nthawi zina dzira limodzi limagawika pawiri, anawo n'kufanana ngati madontho a madzi. Nthochi zophatikizana zilibe mlandu.

Mwamuna kapena mkazi?

Tsopano tafika pa funso la mayi uja. M'kati mwa dzira ndi m'mutu mwa mbewu muli timaulusi tonyamula malangizo a mmene mwana adzakhalire: khungu, msinkhu, mphuno, mpata wa m'mano. Timaulusi timeneti timatchedwa makromozomu. Munthu ali nato 46, ndipo nambala imeneyi inadziwika bwino mu 1956. Dzira limabweretsa 23. Mbewu ya mwamuna imabweretsa 23. Tiphatikize: 23 ndi 23 ndi 46. Palibe amene wapereka zambiri kuposa mnzake. Ndiye chifukwa chake mwana amatha kutenga maso a bambo ake ndi kuseka kwa agogo ake akuchikazi.

Mwa timaulusi timeneti muli tiwiri tonena ngati mwana adzakhala mwamuna kapena mkazi. Akatswiri anatipatsa maina a zilembo ziwiri: X ndi Y. Mkazi ali ndi XX. Mwamuna ali ndi XY. Mmodzi mwa anthu oyamba kuona zimenezi anali mayi wa ku America, Nettie Stevens, mu 1905, pamene ankafufuza tizilombo tina tokhala mu ufa.

Dzira lililonse la mayi limanyamula X. Mayi alibe china choti apereke. Koma mbewu za bambo zili mitundu iwiri: theka zanyamula X, theka zanyamula Y. Ikalowa m'dzira mbewu ya X, tapeza XX, mwana wamkazi. Ikalowa ya Y, tapeza XY, mwana wamwamuna. Chilembo chimene chimagamula nkhaniyi chimachokera kwa bambo.

Koma abambo, musagwe nkhope, ndipo amayi musakatenge tsamba ili n'kukalitukula pamphuno pa amuna anu. Bambo naye sasankha. Sangauze mbewu zake kuti ya Y itsogole. Zili ngati kuponya ndalama m'mwamba: igwa chamutu kapena chakumbuyo, ndipo kugwa kwa lero sikukumbukira kugwa kwa dzulo. Tikatenga mabanja 16 a ana anayianayi, tingayembekeze kuti limodzi likhala la atsikana okhaokha, ndi lina la anyamata okhaokha. Mayi uja ali m'banja limodzi mwa 16 amenewo. Kulibe mimba ya akazi okhaokha. Mankhwala omwa, chakudya kapena mbali yogonera sizisintha kanthu. Ndipo mkazi wachiwiri naye adzabweretsa X yemweyo.

Pamene mwana sakubwera

Funso lina limene limaphwasula mabanja ndi lolemera kuposa lija. Banja latha zaka, mphasa ndi imodzi, koma pakhomo palibe kulira kwa khanda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 amakumana ndi vuto limeneli pa moyo wake. Achipatala amayamba kufufuza banja likatha chaka chathunthu likukhala malo amodzi kawirikawiri, osalera, koma popanda pathupi. Akafufuza amapeza kuti pafupifupi theka la mabanja otere, mwamuna ali ndi gawo pa vutolo, payekha kapena pamodzi ndi mkazi wake.

Kunena zoona, makolo athu ankadziwa kuti mwamuna naye amalephera. Pakanapanda kutero, mau akuti "anagwa mu mpapaya" akanachokera kuti? Nanga fisi uja wolowa m'nyumba usiku ankamuitanira chiyani? Kungoti za mwamuna ankanong'ona, za mkazi ankaimba pamtondo. Ife tikuona kuti kumeneko ndi kukondera. Ndipo fisi masiku ano amasiya m'nyumba HIV ndi matenda ena.

Mwaona kuti ulendo wonsewu umadalira timachubu topapatiza, mwa mwamuna ndi mwa mkazi yemwe. Chimene chimatseka timachubu nthawi zambiri ndi matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono ndi china chofanana nacho chotchedwa chlamydia. Mwamuna akatenga chinzonono amamva kuotcha pokodza ndipo amathamangira mankhwala. Mkazi nthawi zambiri samva kanthu. Nthenda imakwera mwakachetechete, n'kusiya zipsera m'timachubu. Bambo amene anakalandira mankhwala yekha mobisa, osauza akunyumba, akhoza kukhala amene anatseka njira ya mkazi wake, ndipo patapita zaka zitatu ndi yemweyo amene akumuthamangitsa. Nthenda yotere amachiza anthu awiri pamodzi, ndipo mankhwala amamwa mpaka kutha.

Zilipo zifukwa zina. Mwa amayi: matenda olowa m'chiberekero pochira pamalo posasamalika kapena pochotsa pathupi ndi zitsotso, zotupa za m'chiberekero, dzira losatuluka mwezi ndi mwezi, ndi kukula kwa zaka. Mwa abambo: matsagwidi, nthenda ija yotupitsa masaya, ikagwira munthu wotha msinkhu n'kutsikira kumachende, chende limene silinatsikire m'thumba pa ubwana, mitsempha yotupa m'thumbamo, mowa wambiri ndi fodya. Inu a m'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Niassa, kumbukirani likodzo. Silithera pa kukodza magazi. Mazira a nyongolotsi zake amakhazikikanso m'ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo. Mnyamata wokodza magazi sanakule, wadwala, ndipo mankhwala ake alipo.

Pofufuza, wosavuta kuyeza ndi mwamuna. Amadziletsa masiku 2 mpaka 7, amapereka umuna m'kabotolo, ndipo amauona pa galasi lija. Palibe jekeseni, palibe mpeni. Kuyeza mkazi kumatenga nthawi, ndalama ndi maulendo ambiri. Tsono n'zodabwitsa kuti amene amayenda mitunda, kumwa mizu yowawa ndi kutemedwa mphini ndi mkazi, pamene bambo wakhala pakhonde. Pitani awiri. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, iwo adzakulemberani kalata yopita ku chachikulu. Mavuto ena amachizika. Ena sachizika, ndipo anamwino oona mtima adzakuuzani. Pamenepo banja limakhala pansi kukambirana zochita likudziwa chimene chilipo, osati zimene wanena mlamu.

Tilembe ndi kukambirana

Tengani makope. Lembani mau awa katatu, mukutchula mokweza: dzira, mbewu, chiberekero, nkhokwe, msambo.

Jambulani bwalo, mulembemo X. Limenelo ndi dzira. Pambali pake jambulani mbululu ziwiri, ina ya X, ina ya Y. Lembani mwana amene angabadwe ikalowa yoyamba, ndi amene angabadwe ikalowa yachiwiri.

Mayi wina amasamba masiku 30 alionse. Chotsani 14 pa 30. Kodi dzira lake limatuluka chapafupi ndi tsiku liti?

Tsopano magulu awiri aja akhale pamodzi. Wina akhale nkhoswe ya kuchimuna, wina ya kuchikazi, wina akhale mayi wa ana aakazi anayi. Nkhoswe ya kuchimuna iyambe kunena mlandu. Mayi ayankhe ndi zimene wajambula m'kope lake.